Chidule N'cha Wodziwa Njira

Pa alumali ya m'khitchini mwathu, pakati pa chitini cha mchere ndi botolo la mafuta ophikira, pali buku lina lachingerezi limene takhala nalo kuyambira chaka cha 2008. Chikuto chake chidasuluka, ndipo masamba ena adamatana ndi msuzi umene udadonthera pamenepo kalekale. Masiku ano sitilitsegula kawirikawiri, komabe nthawi zonse pamene tasamuka nyumba, palibe mmodzi wa ife amene adalimbapo mtima kunena kuti litayidwe. Ife amene tikulemba nkhaniyi tiripo awiri, bambo ndi mayi a nyumba imodzi, Amalawi amene tidadza kuno ku England kudzagwira ntchito ana athu akali aang'ono. Tapangana kuti tiyankhule ngati munthu mmodzi, ngakhale kuti pa nkhani ya bukuli poyamba tidali ndi mitima iwiri.

Dzina la bukulo ndi How to Cheat at Cooking, ndipo m'chinenero chathu tingati likuphunzitsa m'mene munthu angachitire chinyengo pophika. Adalilemba ndi mayi Delia Smith, amene kuno amadziwika monga m'mene mudzi umadziwira mayi uja amaitanidwa kukayang'anira miphika pa ukwati uliwonse. Mayiwa adabadwa m'chaka cha 1941, adasiya sukulu ali ndi zaka 16 opanda setifiketi iriyonse, ndipo za kukhitchini adaziyamba potsuka mbale m'kanyumba kena kodyeramo ku London. Luso lawo adalikuza powerenga mabuku akale a zophikaphika ku British Museum. Kuyambira chaka cha 1973 adayamba kuonekera pa wailesi yakanema ya BBC, ndipo kwa zaka zoposa 30 adaphunzitsa Angerezi kuphika mwadongosolo, osalumpha kanthu. Anthu adawakhulupirira kotero kuti m'chaka cha 1995, atatchula tizipatso tofiira totchedwa cranberry, tizipatsoto tidasowa m'masitolo. Ndipo m'chaka cha 1998, atayamba maphunziro atsopano ndi kawiritsidwe ka dzira, ena adaseka, koma malonda a mazira adakwera. Ena mwa inu mungawadziwe pa chifukwa china, pakuti ndi Mkatolika amene adalembanso kabuku ka nyengo ya Lenti kotchedwa A Feast for Lent m'chaka cha 1983.

Tsono mu February 2008 mphunzitsi yemweyo adatulutsa buku tikunenali. Dzinalo silidali lachilendo, pakuti buku lawo loyamba lenileni, la chaka cha 1971, lidali ndi dzina lomweli. Koma za m'kati zidali zatsopano, ndipo zidadzidzimutsa anthu. M'malo mouza wophika kuti asende, aduledule ndi kudikira, bukuli lidamuuza kuti apite ku sitolo yakutiyakuti akagule chitini chakutichakuti, mpaka kutchula dzina la kampani imene idachipanga. Chitsanzo chimene chidatchuka ndi cha chakudya china chimene Angerezi amachikonda, chotchedwa shepherd's pie. Mwa chikhalidwe chawo amakazinga nyama yankhosa yogaya pamodzi ndi anyezi ndi karoti, pamwamba pake n'kuyalapo mbatata ya kachewere yophika ndi yopota bwino, kenaka n'kuika mu uvuni. Mayi Smith adati nyamayo ikhale ya m'chitini yophikidwa kale, mbatatayo ikhale yopotedwa kale ku fakitale ndi kuumitsidwa ndi chisanu, masamba akhale odulidwa kale, ndi tchizi chomwe chikhale chopalidwa kale. Mbatata youmitsidwa yomweyo adailowetsanso m'timakeke ta chokoleti. Bukulo lidagulidwa kwambiri kuposa ena onse m'masabata amenewo, koma lidadzutsanso mkangano umene tidaumva paliponse: m'nyuzipepala, pa wailesi, m'basi, ngakhale pa tiyi wa kuntchito.

Amene adayamba kufuula ndi ophunzira awo akale. Iwowa adamva ngati mwana amene wapeza mphunzitsi wake wa masamu akubera mayeso. Adati mayi amene adatiphunzitsa kuti keke yopanga wekha iposa yogula, lero watembenuka bwanji? Adati nyama ya m'chitini sudziwa kumene idachokera, ndipo kuti fuko limene laiwala kale kuphika silifunika wina wolilimbikitsa kuiwala. Mkwiyo wawo udakula chifukwa mwezi umodzi m'mbuyomo, mu January 2008, ophika ena awiri otchuka, Hugh Fearnley-Whittingstall ndi Jamie Oliver, adali ataonetsa pa Channel 4 m'mene nkhuku zotsika mtengo zimakulira mothithikana m'makola, napempha anthu kuti azifunsa kumene chakudya chawo chachokera. Pamene mayi Smith adafunsidwa za nkhukuzo pa wailesi, adayankha kuti nawonso sakondwera nazo, koma kuti mabanja osauka ayenera kudyetsa ana awo. Adaikiranso kumbuyo nsawawa zobwera pa ndege kuchokera ku Kenya, ponena kuti alimi a kumeneko amapezerapo ndalama zolerera ana. Mawu amenewa adasonkhezera moto m'malo mouzimitsa.

Gulu lachiwiri silidali laphokoso, koma lidalipo lalikulu. Awa adali okalamba amene zala zawo zidauma ndi nyamakazi, osatha kugwira mpeni, amuna ofedwa amene moyo wawo wonse adaphikiridwa, olumala, ndi makolo ofika kunyumba mdima utagwa ana akulira njala. Iwowa adati bukuli lidawachotsa manyazi. Adati kale amagula chakudya chathunthu cha m'bokosi n'kungochitenthetsa, koma tsopano ayamba kusakaniza zinthu ndi manja awo, kulawa, kuthira tsabola, ndi kuika patebulo chinthu chimene angachitche chawo. Kwa iwo bukuli lidali khomo lolowera m'khitchini, pamene anzawo aja adaliona ngati khomo lotulukira.

Padalinso gulu lachitatu, la anthu owerengetsa. Awa sadakambe za ulemu wa kuphika, adatenga pensulo. Adapeza kuti mbatata yopotedwa kale njokwera mtengo kuposa thumba la mbatata yaiwisi, ndiponso kuti munthu wofuna kutsata bukulo ndendende ayenera kuzungulira masitolo awiri kapena atatu, kotero kuti nthawi imene wapulumutsa pa moto waitaya pamsewu. Ena adadandaula za mchere wochuluka m'zakudya za m'zitini, ndi za mulu wa mapulasitiki otsala pambuyo pa chakudya chimodzi. Tidamva magulu onse atatuwa, ndipo tidaganiza kuti ndi mkangano wa eni dziko, wosatikhudza ife alendo. Sitidadziwe kuti uli panjira yolowa m'nyumba mwathu.

Adatibweretsera ndi gogo wina wachizungu woyandikana nafe khomo, mayi wamasiye wa zaka zoposa 80. Gogoyu adakula nthawi ya nkhondo, pamene chakudya chinkagulidwa ndi makadi a boma, ndipo amatikumbutsa kuti nyama idamasulidwa m'chaka cha 1954, nkhondo itatha kale zaka 9. Kwa iye chitini sichidali chinthu chonyozeka. Chidali chimene chidasunga moyo wa abale ake. Iye ankaona pa zenera m'mene tinkakhalira. Mayi a nyumba ino ankagwira ntchito usiku m'nyumba yosamaliramo nkhalamba, kuyambira 8 koloko madzulo mpaka 8 koloko m'mawa, kunyamula ndi kusambitsa makolo a anthu ena. Bambo ankagwira masana m'nyumba yosungiramo katundu. Tinkapatsirana ana pakhomo ngati anthu opatsirana mtolo pamlatho. Tsiku lina gogoyo adagogoda, natipatsa bukulo atalikulunga bwino, nati, "Mwana wanga, ndakuona ukusenda mbatata maso ali gwa ndi tulo. Tenga ili, ugoneko."

Usiku womwewo mitima yathu idagawanika. Mayi adalilandira ngati madzi a m'chilimwe. Bambo adalitembenuza uku ndi uku, naseka, nati chakudya cha m'chitini n'cha anyamata osakwatira, ndipo kuti kwathu mkazi wopatsa mwamuna wake zoterezi angabwezedwe kwa ankhoswe. Adanena ngati nthabwala, koma nthabwala zina zimakhala ndi minga. Mayi sadayankhe kanthu. Tikuvomera pano pamaso panu kuti bambo amene adanena mawu amenewa adali asanasendepo mbatata ngakhale imodzi chifikire m'dziko lino. Tikuvomeranso chinthu china chimene tonse awiri sitidachione nthawi imeneyo: chinyengo chimene tinkakanganiracho tidali titachiyamba kale. Ufa wathu udali wa m'paketi wochokera ku South Africa, wogula m'sitolo ya amwenye. Masamba otendera tinkathira chiponde cha m'botolo m'malo mwa nsinjiro. Nyemba zathu zidali za m'chitini, chifukwa palibe adali ndi maola atatu ozidikira. Zonsezi sitidazitche chinyengo chifukwa nsima yake inkaoneka ngati ya kwathu.

M'mwezi wa June chaka chomwecho kudabwera Amayi, mayi awo a bambo a nyumba ino, kuchokera ku Dedza, kudzaona adzukulu. Mantha a mpongozi pamaso pa apongozi ake mukuwadziwa inu nonse, ndipo salekera pabwalo la ndege. Lamulungu loyamba mayi a nyumba ino adaweruka m'mawa, nagona maola atatu okha, nadzuka mutu ukuwawa. Tidafuna kuti Amayi alawe chakudya cha dziko lino, ndipo mphamvu yosenda ndi kupota padalibe. Mayi adatsegula bukulo. Pasanathe ola limodzi shepherd's pie idali patebulo, yofiirira bwino pamwamba, fungo lake liri ponseponse. Koma bambo, pogwidwa ndi manyazi, adatola zitini zonse ndi mapaketi, nazikulunga m'nyuzipepala, nazikankhira pansi penipeni pa bini. Amayi adadya, nawonjezera, nayamika. Ndipo bambo, osafunsidwa ndi munthu, adati, "Mpongozi wanu wavutika nacho kuyambira m'mawa." Mayi adayang'ana pansi.

Kutacha tidapeza zitini ziwiri zotsukidwa bwino ziri ndandanda pa zenera la kukhitchini, zikuwala ndi dzuwa. Amayi ndi munthu wodzuka mbandakucha, wosatha kukhala manja ali lende, ndiponso wosataya kanthu. Posesa adaona kuti bini yadzaza, ndipo poikonza adapeza mtolo uja. Adatidikira mpaka tonse titakhala pansi, nafunsa mofatsa, "Zitini zabwinobwino izi, zoti munthu n'kumayezera mpunga, mwazitayiranji? Nanga mwazikulungiranji chonchi ngati mukukaika maliro usiku?" Palibe adayankha. Ana adaseka osadziwa chimene akuseka. Pomaliza mayi a nyumba ino adagwada pafupi nawo, nati, "Amayi, mutikhululukire. Chakudya cha dzulo chija chidachokera m'menemo. Ndidatopa."

Amayi adawagwira dzanja, nawakhazika pampando. Kenaka adatembenukira kwa mwana wawo, ndipo zimene adanena sitidzaziiwala. "Iwe, pamene ndidakwatiwa ndi bambo ako, ufa wonse umene mudadya udadutsa m'manja awa. Ndinkadzuka nkhuku zisanatsike, kukonola chimanga mumtondo, kupeta gaga, kuviika mphale masiku atatu, kuitsuka, kuiyanika, kuisinja, kusefa, ndi kuyanikanso ufa pamphasa ndikuingitsa nkhuku ndi mbuzi. Iwe uli kumsana. Chigayo chitafika kufupi ndi kwathu, amuna adakhala pansi pa mtengo n'kumati ufa wa kuchigayo ukununkha dizilo, nsima yake siikoma, akazi a masiku ano ayamba ulesi. Ndikuuze zoona, masiku ena unkanunkhadi. Koma mwa amuna onse aja padalibe ndi mmodzi yemwe amene adagwirapo munsi. Ine ndidasenza dengu langa n'kupita kuchigayo, ndipo msana uwu ukadakhala ndi pakamwa ukadaimba. Tsono iwe, ngati unkafuna mbatata yosenda ndi manja, manja ulibe? Mnzako wachezera usiku wonse kusamala makolo a eni ake, ndipo iwe wagona. Chimene chandinyansa ine si chitini. Chitini sichinanene bodza. Wanena bodza ndiwe."

Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma tsiku limenelo moto udayamba watentha kaye amene adayenera kupsa. Bambo adapepesa kwa Amayi, ndipo madzulo adapepesanso kwa mayi a ana awo, kupepesa kumene kudali kovuta koposa. Komatu musaganize kuti Amayi adangoima mbali imodzi. Patapita masiku angapo adapempha mdzukulu wawo wamkazi, wa zaka 11, kuti ateleke madzi a nsima. Mwanayo adaima ngati mlendo m'khitchini mwa makolo ake. Sadadziwe kuti madzi ayenera kufunda asanathire ufa, sadadziwe kuti phala liyenera kuthakhatha lisanavundulidwe, ndipo mthiko adaugwira ngati cholembera. Mchimwene wake sadadziwe ngakhale kudula anyezi. Pamenepo Amayi adatiitana tonse awiri, nati, "Inu mukhoza kudutsa chidule, chifukwa njira yaikulu mukuidziwa. Mukalawa za m'chitini mumadziwa chimene chasowa, mumadziwa kuti mchere wachuluka, monga udachulukira Lamulungu lija. Koma ana awa adzayerekeza ndi chiyani? Chidule n'cha wodziwa njira. Mlendo akadutsa chidule amathera m'thengo."

Kwa miyezi itatu imene adakhala nafe, Loweruka lirilonse lidasanduka sukulu. "Bwera kuno, mkazi mnzanga," ankatero poitana mdzukulu wawo, ndipo mnyamatayo ankamuti, "Nawenso mwamuna wanga, usaganize kuti udzakwatira chitini." Adawaphunzitsa kuvundula nsima ndi kuomola ndi chipande choviika m'madzi, kukazinga tomato mpaka mafuta atayandama, kusinja mtedza ndi kusefa nsinjiro, kuviika nyemba usiku kuti zisachedwe kupsa. Bambo a nyumba ino adalowa nawo m'kalasi lomwelo, ndipo adali wophunzira wochedwa kumva kuposa onse. Amayi adaonanso chinthu china chimene ife tidali titasiya kuchiona: anthu a nyumba imodzi tinkadya pa nthawi zinayi zosiyana, wina ataima, wina maso ali pa kanema. Adalamula kuti chakudya cha madzulo chizikhala 6 koloko, mayi asanapite ku ntchito, onse pamodzi, kaya chachokera mumphika kaya m'chitini.

Tsiku lina tidawapeza ali m'khitchini mwa gogo wachizungu uja. Chinenero chogwirizana adalibe. Gogoyo adawaonetsa zala zake zopindika, ndipo Amayi adamuonetsa zikhatho zawo zolimba ndi khasu ndi munsi. Amayi adamusendera mbatata yokwanira masiku atatu. Iye adawatsegulira furiji yake, nawaonetsa timiyala ta mbatata youmitsidwa tija, ndipo Amayi adatenga kamodzi, nakatembenuza, napukusa mutu moseka. Tidaima pakhomo n'kuona kuti amayi awiriwa, amene aliyense adaphikira anthu zaka zoposa 50, sadaone chifukwa chokanganirana. Mkangano udali wa ife a pakati, amene tinkaopa zonena za anthu.

Papita zaka zambiri tsopano, ndipo tikayang'ana m'mbuyo tiona kuti gulu lirilonse lidagwira mbali yake ya choonadi. Owerengetsa aja sadalakwe. Chaka cha 2008 chisanathe, mabanki adagwedezeka, mitengo ya chakudya idakwera, ndipo mayi Smith omwewo adatulutsanso buku lawo lakale la 1976 lotchedwa Frugal Food, lophunzitsa kuphika mosamala ndalama. Nafenso tidapeza kuti thumba lathu silingathe kugula ntchito ya fakitale tsiku ndi tsiku. Za mchere nazo n'zoona: a zaumoyo kuno amalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 6 patsiku, ndipo bungwe la World Health Organization limati asafike pa magalamu 5. Ndiponso buku lomangidwa pa maina a makampani limakalamba msanga. Lero tikafuna kutsata masamba ena, zinthu zake sitizipezanso m'masitolo, pamene anyezi ndi mbatata zikalipo monga kale.

Odandaula aja nawonso adanunkhiza chinthu chimene asayansi adachifotokoza pambuyo pake. M'chaka cha 2009 katswiri wina wa ku yunivesite ya São Paulo ku Brazil, Carlos Monteiro, adayamba kuphunzitsa kuti zakudya tiziziyang'ananso poona kuchuluka kwa zimene fakitale yazichita. Pa kafukufuku amene adafalitsidwa m'chaka cha 2019, Kevin Hall ndi anzake ku National Institutes of Health ku America adasunga anthu 20 kwa mwezi umodzi, nawapatsa masabata awiri zakudya zosinthidwa kwambiri m'fakitale, ndi masabata awiri zakudya zosasinthidwa. Pa zakudya za m'fakitalezo anthu aja adadya makalori pafupifupi 500 oonjezera patsiku, ndipo adanenepa. Komabe akatswiri omwewo sanena kuti chirichonse cha m'sitolo n'choipa. Nsawawa zoumitsidwa ndi chisanu zikali nsawawa. Tomato ndi nyemba za m'chitini ziri pafupi ndi za kumunda kusiyana ndi chakudya chimene pa pepala lake pali mndandanda wa maina osawerengeka. Amayi sadawerenge zimenezi, koma mfutso umene ankayanika chaka ndi chaka kuti adzadye m'chilimwe udali nzeru yomweyo: kugwira ntchito lero kuti mawa upume. Chofunika ndi kudziwa chimene chiri m'chitinimo, ndipo wodziwa ndi amene adaphikapo yekha.

Koma amene timawakumbukira koposa ndi a gulu lofatsa lija, chifukwa tidali m'gulu lawo osafuna kuvomera. Taona kuti anthu ambiri onyoza chidule ndi amene ntchito yayitaliyo imagwiridwa ndi wina. Nkosavuta kutamanda nsima ya ufa wosinja pamene msana wosinjawo si wako. Ndipo taona kuti dzina lija la chinyengo, limene mayi Smith adalisankha moseka, lidapweteka ena mosayenera, chifukwa lidawachititsa kumva ngati akuba pamene akungoyesa kudyetsa ana awo. Mayi wotsegula chitini atagwira ntchito maola 12 sadanyenge munthu. Chinyengo chenicheni m'nyumba mwathu chidali cha amene adabisa zitini kuti asunge ulemu wake, kusiya mnzake asenze yekha kutopa ndi manyazi omwe. Nkhaniyi ikafika kwathu ku Malawi isaoneke ngati ya kutali, pakuti nakonso mayi wochokera ku ofesi kapena kumsika amagula masamba odula kale, nsinjiro za m'kapepala ndi nyama ya soya, ndipo nakonso sasowa womunena.

Gogo wachizungu uja adatisiya kalekale, ndipo Amayi nawonso adagona kwawo ku Dedza. Ana adakula, ali ndi makhitchini awo. Mwana wathu wamkazi amavundula nsima yoposa ya mayi ake, ndipo m'furiji mwake simusowa anyezi wodula kale. Sachita nazo manyazi, ndipo safunika kutero. Mnyamata uja sadakwatire chitini. Amaphikira mkazi wake masiku amene iye wachedwa ku ntchito. Bambo a nyumba ino tsopano ndiwo amasenda mbatata, ngakhale kuti makoko ake amakhala okhuthala. Chimodzi mwa zitini ziwiri zija chikalipo, ndipo timayezera mpunga monga adanenera Amayi.

Tsono inu abale athu, mukakhala pansi madzulo ano kuti mudye, musayambe ndi kufunsa ngati ndiwozo zachokera kumunda kapena kusitolo. Yambani mwafunsa kuti amene waziphikayo wagona maola angati, ndi kuti inu mwagwirapo chiyani. Kenaka muyang'ane ana anu, ndipo mudzifunse ngati angathe kudziphikira mphika wa nyemba tsiku limene inu simudzakhalapo. Ngati sangathe, Loweruka likubwerali muwaitanire kumoto.